Katundu wa Atate Pamutu pa Mwana

Munthu wochokera ku Lilongwe kulowera kumadzulo amafika pa boma la Mchinji atayenda makilomita oposa 100. Akapitirira pang'ono amapeza chipata cha Mwami, pamene dziko la Malaŵi limathera ndipo la Zambia limayambira. Eni dera sawaopa malirewo. Mchewa wa kwa Mkanda ndi Mchewa wa ku Katete amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, nagwadira Kalonga Gawa Undi mmodzi yemweyo. Mngoni wa kwa Mlonyeni kapena wa kwa Zulu amawoloka mwezi wa February kupita ku Mtenguleni kukachita nawo mwambo wa Nc'wala. Chifukwa chokhala m'malire, anthu a ku Mchinji adazolowera kuona alendo akulowa ndi kutuluka: amalonda, asilikali, othawa nkhondo ndiponso amishonale. Pakati pa alendo onsewa, amishonale ndiwo amadzutsa funso lovuta, pakuti ambiri a iwo sadabwere okha. Adabwera ndi akazi awo, nabereka ana m'dziko la eni. Kodi tsono nkoyenera kuti munthu asiye kwawo, napita kukaphunzitsa ana a anthu ena pa nthawi ya zoopsa, pamene ana ake omwe ndiwo adzalipira mtengo wa ulendowo?

Funsoli limamveka bwino likaikidwa pa nkhani yeniyeni imene idachitika m'malire omwewa. Mu January 1898 asilikali a Angerezi adathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Midzi idatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa, Nsingo mwana wa mfumu adaomberedwa ndi mfuti, ndipo Mpezeni mwini wake, ali nkhalamba, adamtengera ku Fort Manning, komwe lero ndi ku Mchinji, kukamsunga ngati wandende. Patangopita chaka ndi theka, pa 5 July 1899, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Orange Free State, P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr, adatsegula mishoni pa Magwero, tsidya la Zambia, kufupi ndi malire. Adafika pakati pa anthu amene misozi yawo idali isanaume. Miyezi itatu yokha itadutsa, mu October 1899, nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi idabuka kwawo kwa abusawo, ndipo idatha mu 1902. Mpingo umene udawatuma udali m'dziko loyaka moto, ndipo abale awo ankagonjetsedwa ndi Angerezi omwewo amene adagonjetsa Angoni. Komabe mishoni ya Magwero siidatsekedwe, ndipo nkhondo itatha padatsegulidwanso ina ku Madzimoyo mu 1903 ndi ku Nyanje mu 1905.

M'chaka cha 1905 chomwecho mayi wina, mkazi wa mmishonale, dzina lake Issie Hofmeyr, adayamba kuphunzitsa ana osaona pa Magwero. Masiku amenewo mwana wosaona ankangokhala pakhonde kudikira kuti wina amgwire dzanja, ndipo padalibe woganiza kuti angalowe m'kalasi. Mayiyu adamwalira mu 1910, koma ntchito yake idapitirizidwa ndi Ella Botes, ndipo mu 1955 padayambikanso maphunziro a ana osamva. Aliyense wofuna kuweruza amishonale ayenera kuyamba wayang'ana ana amenewa. Kukadakhala kuti banja lililonse lidasankha kukhala kwawo kudikira kuti dziko likhale pa mtendere, ana osaona a m'malire muno akadadikira zaka zina zambiri. Nthawi ya mtendere weniweni siifika, ndipo wodikira kuti mtsinje uphwe asanawoloke amakalambira pagombe. Pajatu akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambiwu umaphunzitsa kuti udindo wa munthu suthera pa mpanda wa nyumba yake.

Komatu nkhaniyi ili ndi mbali ina imene mabuku a mbiri sakonda kuifotokoza. David Livingstone, amene adafika pa nyanja ya Malaŵi mu 1859, amatamandidwa chifukwa cholimbana ndi malonda a akapolo, ndipo nkoyenera kutero. Koma banja lake lidalawa zowawa. Adakwatira Mary Moffat mu 1845. Mu 1850 mwana wawo wakhanda, Elizabeth, adamwalira ku Kolobeng banjalo litangobwera kumene ku ulendo wovuta wodutsa m'chipululu cha Kalahari. Mu 1852 Livingstone adakweza mkazi ndi ana m'sitima ya pamadzi ku Cape Town kupita ku Britain, ndipo sadaonane nawo mpaka mu December 1856. Kumeneko Mary adakhala movutika, wopanda nyumba yakeyake, m'dziko limene sadakuliremo. Atamtsatira mwamuna wake ku Zambezi adadwala malungo, namwalira ku Shupanga pa 27 April 1862. Mwana wawo wachisamba, Robert, amene adakula wosawadziwa bwino atate ake, adakalowa usilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, namwalira m'ndende ya asilikali ogwidwa mu 1864 ali ndi zaka 18. Livingstone mwini, atakalamba, adadandaula kuti pamene adali ku Kolobeng sadapatule nthawi yosewera ndi ana ake.

Apa mpamene pagona gwero la mlandu. Nsembe imakhala nsembe ngati woperekayo apereka chinthu chake. Munthu wamkulu akasankha kusiya chuma, ulemu, ngakhale moyo wake chifukwa cha ntchito imene aikhulupirira, palibe angamtsutse, pakuti zimene wapereka nzake. Mkazi wake nayenso ndi munthu wamkulu, ndipo angathe kuvomera kapena kukana, ngakhale kuti masiku akale akazi sankafunsidwa kawirikawiri. Koma mwana sadamve maitanidwe alionse. Sadalonjeze kanthu pamaso pa mpingo. Ubwana wake, thanzi lake ndi ufulu wake wokula akuona nkhope za makolo ake si katundu wa atate ake woti angampereke mmene afunira. Bambo amene apereka zimenezi, natamandidwa chifukwa cha kudzipereka kwake, akulandira ulemu pa ngongole imene wabweza ndi wina.

Wina angatsutse nati palibe mwana amene amasankha kobadwira kapena kokulira. Mwana wa tenanti wa pa esiteti ya fodya ku Mchinji sadasankhe kukulira m'chisakasa. Ana a amuna amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kapena ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, sadafunsidwe, ndipo ena a iwo atate awo adasanduka machona osabweranso. Kholo lililonse limasankhira mwana wake, ndipo walira mvula walira matope. Mawu amenewa ngoona, ndipo akusonyeza kuti kulakwa sikuli pa kusankhako. Komabe pali kusiyana kumodzi kofunika. Wopita ku mgodi amanena kuti akupitira ana ake, ndipo akaleka kutumiza ndalama mudzi wonse umamdzudzula. Mmishonale amapitira ana a anthu ena, ndipo ntchito yake imatchedwa yopatulika. Ichi ndicho chimaikweza ntchitoyo, komanso ndicho chimaichititsa kukhala yoopsa, chifukwa palibe amene amalimba mtima kuidzudzula. Mwana wa mlimi akadandaula amakhala akukangana ndi atate ake okha. Mwana wa mmishonale akadandaula amamva ngati akukangana ndi Mulungu, ndipo amangokhala chete, chilonda chili mkati.

Anthu a ntchito imeneyi adayesa njira zitatu zothetsera vutoli, ndipo zonse zidaoneka m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nalo. Njira yoyamba ndiyo kusakwatira. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene adatsegula seminale ya Kachebere m'boma la Mchinji mu 1939, chaka chimene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayamba, adalibe akazi kapena ana oti awadere nkhawa. Ankatha kupita kulikonse ndi kukhala zaka zambiri osabwerera kwawo. Pa Kachebere padaphunzira anyamata a mbali zonse ziwiri za malire, monga Patrick Kalilombe amene adadzakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, ndi Medardo Mazombwe wa ku Chipata amene adadzakhala kadinala. Njira imeneyi ili ndi chilungamo chake, chifukwa munthu amapereka chake chokha. Koma si onse angaithe, ndipo mipingo yambiri imafuna kuti anthu aone ndi maso mmene banja la mbusa likukhalira.

Njira yachiwiri ndiyo kutumiza ana kwawo. Dr Robert Laws, amene adafika ku Cape Maclear mu 1875 nagwira ntchito m'dziko muno mpaka 1927, adamanga sukulu ya ku Khondowe mu 1894, imene idaphunzitsa anyamata ambiri odzatsogolera anzawo. Iye ndi mkazi wake Margaret adaika m'manda ana awo ena ali makanda, ndipo mmodzi amene adakula, Amelia, wobadwa mu 1886, adaleredwa ku Scotland m'manja mwa achibale. Makolowo adapulumutsa moyo wa mwana wawo ku malungo pomutalikitsa ndi iwo eni. Nkovuta kuwaimba mlandu, pakuti adali ataona kale manda ang'onoang'ono. Komabe nzomvetsa chisoni kuti munthu amene ankadziwa maina a ana a eni ambirimbiri ankamdziwa mwana wake kudzera m'makalata oyenda miyezi.

Njira yachitatu ndiyo kupita ndi banja lonse ndi kumera mizu komweko. Chitsanzo chake ndi cha Mmalaŵi, pakuti si azungu okha amene adakhala amishonale. David Kaunda, Mtonga wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, adatumidwa kwa Abemba ku Chinsali mu 1904, ndipo adakhazikika kumeneko pamodzi ndi mkazi wake Helen, amene adalinso mphunzitsi. Adaphunzira chinenero cha eni dziko, natsegula masukulu a m'midzi, ndipo ntchito yawo idabala mishoni ya Lubwa. Ana awo adakulira pakhomo pa makolo, akusewera ndi ana a Abemba. Mzime wawo, Kenneth, wobadwa mu 1924, adali ndi zaka 8 pamene atate ake adamwalira mu 1932, ndipo mayi ake sadabwerere kwawo. Mwanayo adadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991. Wina angaganize kuti njira imeneyi ilibe mtengo wake. Koma mu 1996 malamulo a dzikolo adasinthidwa kuti munthu amene makolo ake sadali mbadwa asapikisane nawo pa mpando wa pulezidenti, ndipo mu 1999 khoti lalikulu la ku Ndola lidagamula kuti Kaunda sadali nzika ya Zambia, ngakhale kuti chigamulocho chidafafanizidwa pambuyo pake. Ulendo umene atate adauyamba mu 1904 udamtsata mwana wawo patapita zaka 95. Mwana wa mlendo angathe kutumikira dziko moyo wake wonse, tsiku lina nkukumbutsidwa kuti kwawo nkwina.

Popeza njira zonse zitatu zili ndi mtengo, sikungatheke kunena kuti imodzi ndiyo yolungama ndipo zina nzolakwa. Chimene chimasiyanitsa kholo labwino ndi losasamala si njira imene lasankha, koma ngati lidamwerengera mwanayo ngati munthu posankhapo. Pali kholo limene limaona ana ake ngati akatundu oyenera kuikidwa penapake kuti ntchito iyende. Palinso kholo limene limadziwa kuti ana ake ndi gawo la ntchitoyo, ndipo limalolera kuchedwetsa ulendo, kukana malo ena, kapena kubwerera kumudzi ntchito isanathe, ngati laona kuti mwana akufota. Kholo lotere anthu angaliyese lofooka, koma ndilo lamvetsa kuti munthu sangaphunzitse achinyamata a eni za chikondi cha atate wakumwamba pamene ana a m'nyumba mwake sadziwa chikondi cha atate wapansi pano. Achinyamata ali ndi maso akuthwa. Amaphunzira zambiri poyang'ana pakhomo pa mphunzitsi kusiyana ndi pomvera ulaliki wake.

Mfundo yakuti mwana si katundu ikhudzanso ana a eni dziko, ndipo apa amishonale ambiri adapunthwa. Mwana wa Mchewa ali ndi eni ake. Ali ndi mayi ake, ali ndi atsibweni ake amene ndiwo mwini mbumba, ali ndi anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe amene adapatsidwa udindo womulanga. M'zaka za m'ma 1920 kudali mikangano yaikulu m'chigawo chapakati pakati pa masukulu a mishoni ndi Nyau, mbali iliyonse ikukokera anyamata kwawo. Amishonale ena ankauza ana kuti miyambo yonse ya makolo awo njamdima, ndipo mnyamata wolowa kalasi ankayamba kuchita manyazi ndi agogo ake. Nzoona kuti m'miyambo ina mudali zoyenera kusintha. Koma mlendo amene amalira usiku chifukwa mwana wake ali kutsidya la nyanja adayenera kukhala woyamba kumvetsa ululu wa kholo limene mwana wake akulekanitsidwa nalo ali pakhomo pomwepo. Gule Wamkulu amene ankanyozedwayo adadzalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kamameta bwino ngati mwini mutu wavomera.

Mayeso aakulu a zonsezi amafika tsiku limene zinthu zaipa. Mlendo amakhala ndi chiphaso ndi kwawo kothawira, pamene achinyamata amene wawasonkhanitsa alibe kopita. Akanyamula banja lake nathawa, anthu adzati adali bwenzi la pa mtendere pokha. Akakhala, aika pachiswe ana amene sadasankhe kukhala ngwazi. Nthawi zina sapatsidwa nkomwe mwayi wosankha. Mu 1922 boma la Apwitikizi lidatseka mishoni za mpingo wa Dutch Reformed m'dera la Angonia ku Mozambique, zimene zidayamba ndi ya Mphatso mu 1909, ndipo amishonale adatuluka. Mu April 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March, Monsinyo John Roche wa ku Ireland adathamangitsidwa m'Malaŵi. Mu March 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, bungwe la Peace Corps la ku America lidabweza antchito ake onse odzipereka m'maiko onse, kuphatikizapo amene ankaphunzitsa m'masukulu a m'Malaŵi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Chidachitika ku Angonia chili ndi phunziro. Amishonale atachoka, chikhristu cha kumeneko sichidafe, chifukwa padali aphunzitsi ndi akulu a mpingo a eni dziko amene adapitiriza kusonkhanitsa anthu, ndipo ena ankawoloka malire kudzalandira ubatizo ndi mgonero m'mipingo ya ku Nyasaland. Pa Magwero napo, mpingo umene udayamba ndi alendo awiri udadzaima paokha mu 1966, ndipo lero umatchedwa Reformed Church in Zambia. Izi zikusonyeza kuti funso lakuti kukhala kapena kuchoka silimayankhidwa pa tsiku la zoopsa. Limayankhidwa zaka zambiri tsikulo lisanafike. Mmishonale amene adasunga makiyi onse m'thumba mwake, osaphunzitsa wina kuwerengera ndalama za mpingo, kuyendetsa sukulu kapena kutsogolera achinyamata, wadzimangirira yekha. Akachoka zonse zigwa, ndipo akakhala banja lake ndilo chikole. Koma amene adagawa udindo kuyambira pachiyambi angathe kuchotsa ana ake pangozi popanda kupereka ana a eni kwa afisi. Motero chilungamo kwa ana a m'nyumba ndi chilungamo kwa ana a eni dziko zimakumana pamalo amodzi, ndipo malowo ndi kudzichepetsa kwa munthu wovomera kuti ntchito ingayende iye palibe.

Anthu a ku Mchinji adaonetsa okha kuti kuthandiza mlendo sikulira kuwoloka nyanja. Nkhondo ya ku Mozambique itakula kuyambira mu 1986, othawa kwawo oposa miliyoni imodzi adalowa m'Malaŵi, ndipo Mchinji lidali limodzi mwa maboma amene adawalandira. Mabanja a m'midzi adagawana nawo malo, zitsime ndi nkhuni, ndipo ana awo adakhala nawo m'makalasi odzaza, mpaka pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndipo alendowo adayamba kubwerera. Ana a eni mudzi adalipirako mtengo, pakuti nsima idachepa m'mbale. Koma adalipira ali pambali pa makolo awo, akuona chifukwa chake, ndipo ambiri adatolapo phunziro limene sukulu siikadawapatsa. Katundu wosenza pamodzi ndi kholo amamkulitsa mwana. Amene amamthyola khosi ndi katundu womsenzetsa yekha, mwini wake ali patali kulandira mayamiko.

Masiku ano ulendo udatembenuka. Ansembe ndi masisitere a ku Malaŵi akutumikira m'maparishi a ku Ulaya, abusa akuweta mipingo ya Amalaŵi ku Harare ndi ku Johannesburg, anamwino ali m'zipatala za ku Britain, ndipo asilikali akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo. Wophunzira amene lero ali mu Fomu 4 angathe mawa kuitanidwa ku ntchito yotere, ndipo funso la pa Magwero lidzakhala lake. Kupita sikulakwa, ndipo dziko likadakhala losauka kwambiri pakadapanda anthu olimba mtima otere. Koma asanamange katundu ayenera kukhala pansi ndi a m'nyumba mwake, nawafunsa moona, namva ngakhale mawu a wamng'ono. Ayenera kudziwiratu chimene adzachite mwana akadwala, sukulu ikasowa kapena mfuti zikalira. Akafika ayenera kulemekeza makolo a ana amene akawaphunzitse, ndi kuyamba tsiku loyamba lomwe kukonzekeretsa amene adzatenge malo ake. Ndipo pa zaka zonse za utumiki wake ayenera kupatula nthawi imene Livingstone adaikumbukira mochedwa, yokhala pamphasa madzulo ndi kusewera ndi ana ake.